Tsiku Limene Goodman Anagona Pamsewu

Ndikamva munthu akuyamikira a Makina kuti amatha kulankhula, mtima wanga umawira. Amatha, inde, ndani angakane? Kwathu ku Nkhulambe maliro sankakoma popanda iwo kuimirira ndi kapepala kawo n'kuwerenga mbiri ya malemu. Munthu woti moyo wake wonse ankaba nkhuku za eni, a Makina akangoyamba kumufotokoza, eni nkhukuwo ndi amene ankayamba kulira. Pakamwa pomwepo ndi pamene panatuma mlongo wanga Goodman kukagona pakati pa msewu kudikira lole, mu Januwale wa 2003. Koma ndisadziyeretse, nkhaniyi inayambira pakamwa panga.

Chaka cha napolo, mu 1991, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Goodman anali ndi zaka khumi, ndipo sabata imeneyo anali kwa azakhali ku Chiwalo, choncho sanaone kanthu. Ine ndinaona zonse. Madzi atayamba kutsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, bambo athu, a Sitima, anatithawitsa ine ndi amayi mpaka pachulu chachikulu kumtunda kwa munda. Tinali titapulumuka tonse atatu. Kenako bambo anagwira m'mutu.

"Njinga ija," anatero.

Inali njinga yatsopano, yoti anagula atagulitsa nandolo, mapepala a m'sitolo asanachotse n'komwe. Amayi anawagwira malaya, magazi akuchucha pamwendo pamene anawatema mwala. Bambo anawakankha n'kutsika. Ndinawaona akutuluka m'nyumba njinga ili paphewa, madzi ali m'chiuno. Ndinaphethira kamodzi, panalibe bambo, panalibe njinga, panalibenso nyumba.

Mtembo unapezeka patatha masiku atatu. Mwambo wake mukuudziwa: wowerenga mbiri amakhala pansi ndi anamfedwa kaye kuti amve zoti akanene kumanda. Amayi ankangolira, ndiye a Makina anatembenukira kwa ine, akuluakulu onse ali phee.

"Eneless, iwe unalipo. Bambo ako anabwerera chiyani?"

Ndikanati chiyani? Kuti anasiya mkazi akutuluka magazi chifukwa cha njinga? Ndinachita manyazi. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Anamva anthu akulira."

Mawu atatu okha. Pofika kumanda, a Makina anali atawabereketsa. Bambo anali atapulumutsa ana atatu, mmodzi pamsana, awiri m'khwapa. Chaka chotsatira anawo anali asanu. Pofika nthawi ya mavoti a matipate anali asanu ndi awiri, madzi anali atafika m'khosi, ndipo bambo anali atapeza mpata woimirira pakati pa napolo n'kufuula kuti, "Mukamuuze mwana wanga Goodman kuti sindinathawe!" Palibe anafunsa kuti anawo ndi a yani, ali kuti. Anthu anali ataika abale ambiri chaka chimenecho, ena osawapeza n'komwe, ndipo aliyense ankafuna kumvako chinthu chimodzi chokoma. Amayi anangotseka pakamwa mpaka anamwalira mu 1998. Inenso ndinatseka panga.

Goodman anakulira m'nkhani imeneyi. Sankatchedwanso dzina lake, anali "mwana wa a Sitima". Manda akavuta kukumba chifukwa cha mwala, wolowa m'dzenje anali iye. Galu wachiwewe akalowa m'mudzi, anthu ankathawira m'nyumba, iye n'kutuluka ndi mpini. Azimayi ankaomba m'manja kuti magazi a bambo ake amenewo. Ine ndinkamuseka kuti adzafera mbuzi ya eni, iye n'kumangomwetulira. Anali munthu wofatsa, wakhama pakhasu, wokonda nyemba za kalongonda moti ankatha mbale yekha. Anakwatira Ida m'mudzi woyandikana nafe, n'kukamanga komweko.

Kumapeto kwa 2002 kunabwera mphekesera za anamapopa, anthu oti akuyenda m'midzi kupopa magazi. Tinali titangochoka m'njala yoopsa, matupi ali ofooka, maliro ali motsatizana. Munthu akadzuka ndi chizungulire ankati amupopa. Ndipo poti maliro anali ambiri, a Makina anali ndi gulu lowamvera pafupifupi tsiku lililonse. Akamaliza mbiri ankapinda kapepala, n'kutsitsa mawu.

Ndinawamva ndekha pamaliro ena. Anati kutsidya kwa malire kuli mudzi umene kunafika chilole chokumba mijigo. Anthu anavina, anaphikira alendowo nkhuku. Panali mayi wina wovala chitenje cha maluwa achikasu, chong'ambika pang'ono m'mphepete, ndi kamwana kake ka zaka zitatu, dzina lake Margret, kamene kankakonda kuvala nsapato imodzi ya bambo ake n'kumayenda nayo pabwalo. Apa a Makina anaima, n'kupempha madzi akumwa. Anamwa mosafulumira, ife tonse kukamwa kuli yasa. Ndiye anati lole itachoka, mayi uja anapeza nsapato ija pakhomo, mwana ali gone pamphasa, woyera ngati chinangwa chosenda, pakhosi pali kabowo kamodzi.

Dzina la mudziwo sanatchule. Koma nsapato ija tonse tinaiona. Ngakhale ine, woti ndinkadziwa bwino lomwe mmene bambo ameneyu amaumbira nkhani, ndinachita tsemwe, ndipo nditafika kunyumba ndinawerenga ana anga. Chimandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho.

Posakhalitsa kunamveka kuti Lachinayi kukubwera lole yodzakumba mjigo pafupi ndi sukulu. Mjigo umenewo tinaupempha tokha, zaka zinayi tikumwa madzi a m'khwawa limodzi ndi ng'ombe. Koma tsopano palibe ankakumbukira zimenezo. Amuna anakumana kwa a Makina Lachitatu masana, akazi osauzidwa.

Lachinayi m'mawa ndili kumunda kubandira chimanga, ndinaona Ida akubwera, dzanja lina pachiuno, lina pansi pa mimba. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Sanandipatse n'komwe moni.

"Alamu, thamangani. Achimwene anu akukagona pamsewu."

"Akukagona bwanji?"

"Potsetsereka paja, musanafike pamlatho. Akuti lole ikabwera iwapeze ali chigonere. Avala malaya a ukwati, andisiyira wotchi. Ndawagwira miyendo, sakundimva."

Anandiuza zimene anamva kwa mlongo wake amene anali kumsonkhanoko. A Makina anati miyala siingabweze lole, ndipo mukaiotcha apolisi adzatha mudzi. Koma munthu mmodzi akagona pamsewu, lole idzabwerera, ndipo ikamuponda dziko lonse lidzadziwa kuti anthuwa ndi akupha. Anadandaula kuti iwo mawondo anatha, akanapita okha. Sanatchule dzina la munthu, ayi, ndi ochenjera. Anangoyamba kufotokoza za a Sitima, madzi ali m'khosi, ana asanu ndi awiri, uthenga wopita kwa mwana wawo. Atamaliza anayang'ana pansi. Goodman anaimirira.

Ndinataya khasu pomwepo.

Njira yopita kumlatho imadutsa pakhomo pa a Makina. Ndinawapeza atavala jekete, akupopa njinga yawo.

"A Makina, mukupita kuti?"

"Ku Mkhumba, mayi, kwagwa zovuta. Andiitana kukawerenga mbiri."

"Mwatuma mwana wa eni kukafa, inu mukupita ku Mkhumba?"

"Ine sindinatume munthu. Mnyamata uja wadzipereka yekha, anthu ndi mboni."

"Tiyeni mukamuuze kuti nkhani ya bambo ija ndi yabodza. Panalibe ana asanu ndi awiri. Panalibe ngakhale mmodzi!"

Anachotsa pampu, n'kuyesa tayala ndi chala. Anandiyang'ana mwachifundo, ngati wodwala ndine.

"Nkhani ija munandipatsa ndinu, mayi. Ine ndinangoiveka zovala. Mukufuna mukaivule lero pagulu? Pitani. Koma ndikuuzeni, anthu sakakumverani."

Ndinafuna kuwaphwanya ndi pampu yomweyo. Chinandiletsa si ulemu, koma nthawi. Ndinawatukwana mawu amene sindingawabwereze pano, n'kupitiriza kuthamanga.

Mvula inali itagwa dzulo lake, msewu uli thope lokhalokha. Pamalopo msewu umakhota, kenako n'kutsetsereka mpaka pamlatho, chimanga chili mbali zonse. M'chimangamo munali anthu, mwina makumi atatu, ena ndi zikwanje, ena ndi miyala m'manja. Azimayi amene anamva mochedwa anali ataima chapatali, akuimba nyimbo ya kumaliro chapansipansi, munthu ali moyo. Goodman anakhala m'mbali mwa msewu, malaya oyera, wopanda nsapato, akusewera ndi kaudzu.

"Iwe Goodman, dzuka tizipita."

"Achemwali, bwererani. Pano si pa azimayi."

"Mkazi wako watsala pang'ono kuchira. Mwanayo adzamulera ndani, a Makina?"

"Ndikuchitira mwana yemweyo."

Ndinagwada m'thope patsogolo pake. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali nditasunga mawu amenewa, ndipo anatuluka mokuwa, moti onse a m'chimanga anamva.

"Bambo sanapulumutse munthu! Anabwerera njinga! Anawakankha amayi akutuluka magazi, n'kukatenga njinga. Ndinawaona ndi maso angawa ili paphewa. Zoti anamva anthu akulira ndinapeka ndine, chifukwa cha manyazi. Uthenga wako uja kulibe, sanakutchule n'komwe!"

M'chimanga munamveka kung'ung'udza. Wina anati, "Wapenga mayiyu." Wina anati andidyetsa ndalama anamapopa. Mayi wina wachikulire, woti tinkapemphera limodzi, analavula malovu n'kunena kuti mwana wonyoza bambo ake ali m'manda sanamuonepo. Ine sindinawasamale, maso anga anali pa Goodman. Ndinkadikira kuti adzidzimuke, akwiye, andimenye kumene, bola adzuke.

Anangotaya kaudzu kaja.

"Ndikudziwa, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Amayi anandiuza ali m'chipatala, kutatsala masiku awiri."



"Ukudziwa? Nanga pano ukutani?"

"Ndiye ndikhale mwana wa yani? Wa munthu wofera njinga? Zaka zonsezi anthu akhala akundipatsa ulemu wa chinthu choti sichinachitike. Ndikadutsa amaloza, ine mumtima ndikudziwa. Lero chichitike, chikhale choona."

"Nanga anamapopawo ukuwakhulupirira?"

"Kaya aliko, kaya kulibe. A Makina akamafotokoza ndimawaona."

Chapatali kunamveka kulira kwa injini. Ndinamugwira mkono ndi manja onse awiri, koma amuna atatu anatuluka m'chimanga n'kundikoka. Ndinaluma mmodzi padzanja mpaka ndinamva mchere wa magazi, koma sanandisiye. Goodman anaimirira, anakonza kolala, n'kukagona chagada pakati pa msewu, manja pachifuwa. Nyimbo ija inakwera.

Ndimafunsabe mpaka lero: mwa anthu makumi atatu aja, panalibe mmodzi wodziwa kuti lole yodzaza zitsulo siingaime pathope potsetsereka? Analipo oyendetsa ngolo, analipo oti anagwirapo ntchito m'mathirakitala ku esiteti. Ankadziwa. Koma m'nkhani imene anauzidwa lole inkaima kapena kuponda, ndipo zonse ziwiri zinali zokoma kuzimva.

Lole inatulukira pokhota. Dalaivala anamuona, analiza hutala, anaponda mabuleki. Matayala anagwira koma chilole chinangopitirira kutsetsereka cham'mbali. Munthuyo anayesetsa, ndinamuona akulimbana ndi chiwongolero, mpaka mutu wa lole unalowa m'chimanga. Matayala akutsogolo anamuphonya Goodman. Akumbuyo anadutsa pamwendo wake wamanja.

Kukuwa kwake sindikufuna kukufotokoza. Nyimbo inathera pomwepo. Miyala ingapo inaulukira pagalasi, umodzi unamutema dalaivala pachipumi, koma anthu ataona fupa lili poyera, ukali wonse unawathera. Amuna a zikwanje aja anabalalika m'chimanga, aliyense njira yake. Amene anandigwira aja anandisiya. Pamsewu tinatsala ine, azimayi awiri, ndi Goodman.

Amene anamumanga mwendo ndi lamba anali dalaivala yemweyo, magazi ake akutsikira m'maso, akulira ngati mwana kuti, "Amwene, mwandichita chiyani? Mwandichita chiyani?" Amene anamunyamula anali anzake a dalaivalayo, pa kagalimoto kamene kankabwera m'mbuyo. Anthu oti akudzatipopa magazi aja.

Kuchipatala anadula mwendo pamwamba pa bondo. Anati wataya magazi ambiri, pakufunika abale oti apereke. Ndinatumiza uthenga kumudzi. Mukuganiza kuti kunabwera munthu? Mwa onse amene anamuimbira nyimbo, amene anawakumbira manda a abale awo, amene anawaphera galu wachiwewe, panalibe ngakhale mmodzi. Ankati kuchipatala n'kumene kumapita magazi a anamapopa. Ndinapereka ine, ndi namwino wina wachifundo amene sankatidziwa n'komwe.

Apolisi anafika m'mudzi Loweruka. Ndinali nditabwerera kudzatenga ufa ndi zovala, ndiye ndinaziona ndekha. A Makina anawalandira pakhonde, anawapatsa mipando, n'kuyamba kufotokoza. Anati iwo tsikulo anali ku Mkhumba, mboni ndi anamfedwa. Anati mnyamatayo ndi womvetsa chisoni, anayamba kachasu chaka cha njala, ndipo m'mawa umenewo anamuona akudzandira, botolo lili m'thumba la kumbuyo, chivindikiro chake chofiira, akuimba nyimbo ya gule wa tchopa mosokoneza mawu. Anapukusa mutu, misozi ili m'maso. Goodman woti ngakhale thobwa lowawasa ankalikana!

Ndinakuwa kuti akunama. Wapolisi anandiuza kuti ndikhale chete, akulankhula ndi akulu. Ndipo pofika Lamulungu, anthu kutchalitchi ankauzana za chivindikiro chofiira. Ena ankalumbira kuti anamva fungo. Aliyense inamukomera nkhaniyo, chifukwa m'menemo munalibe msonkhano wa Lachitatu, munalibe zikwanje, munalibe amene anagwira mayi kuti asapulumutse mlongo wake. Lole eni ake anaikoka n'kupita nayo, mjigo anakakumba kudera lina. Ife tikumwabe ndi ng'ombe.

Ida anachira sabata yachiwiri, mwana wamkazi. Ndinapita kuchipatala ndi nkhani imeneyi, ndi kambale ka kalongonda, ndikuganiza kuti mwina amwetulirako. Ndinamupeza atatsamira khoma, ataonda, nsalu ili fulati pamene panali mwendo. Masiku onsewo ankangogona ndi mankhwala, koma tsikuli maso anali oyera.

"Wabereka Ida," ndinatero. "Mwana wamkazi, wonenepa. Ali bwino onse."

Anagwedeza mutu. Ndinamutsegulira kambale, sanakayang'ane. Anadikira kuti wodwala wa bedi loyandikana atembenukire kumbali, kenako anandikodola kuti ndiyandikire.

"Achemwali, kumudzi akuti chiyani?"

"Za mwana?"

"Ayi. Za ine. A Makina akuifotokoza bwanji?"

Nkhope yake inawala pofunsa zimenezi, ndipo ndinapsa mtima. Munthu wopanda mwendo, woti sadzagwiranso khasu bwinobwino, mwana wake wa masiku awiri sanafunse n'komwe dzina, akufuna kumva ngati nkhani yake ikukoma. Ndinadziwanso kuti ndikhoza kumupatsa chimene akufuna. Mawu ake anali pafupi, osavuta: akuti unapulumutsa mudzi, akuti ana akuimba dzina lako. Akanadya kalongonda uja, akanagona tulo.

"Akuti unaledzera," ndinatero. "Auza apolisi kuti unali ndi botolo la kachasu m'thumba, unagwa wekha pamsewu. Mudzi wonse wavomereza. Palibe akukutchula kuti mwana wa a Sitima. Akuti chidakwa chija."

Sanalire. Anagwira chitsulo cha bedi, anadzikoka movutikira ndi mwendo umodziwo, n'kutembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo ndi kambale m'manja mpaka belu lotulutsa odzazonda odwala linalira.

Nditaimirira, analankhula osatembenuka.

"Mukanandinamizako, achemwali. Lero lokha."